Mabuleki a ABS si a amantha

Pakati pa anthu okonda njinga zamoto pali mkangano umene sutha, ndipo umabuka nthawi iliyonse munthu watsopano akafunsa kuti agule njinga yotani yoyambira. Ena amamuuza kuti asayerekeze kutenga njinga yopanda ABS, makina aja amene amaletsa tayala kuloka munthu akamanga mabuleki mwamphamvu. Ena, makamaka amene akhala pachishalo zaka zambiri, amaseka n'kunena kuti ABS ndi ya anthu osadziwa kukwera, kuti woyendetsa weniweni mabuleki ake ali m'zala, ndipo kuti ndalama zimenezo ndi bwino kuziwonjezera pa injini yokulirapo. Ine sindiima pakati pa nkhaniyi. Munthu amene akugula njinga yoyendera pamsewu, kaya wayamba dzulo kaya ndi katswiri, agule ya ABS, ngakhale zitatanthauza kuti atenge yaing'ono kapena yosakongola kusiyana ndi imene maso ake akusirira. Amene amalangiza anzawo zosiyana ndi zimenezi sachitira dala, koma akulangiza molakwika, ndipo amene amalipira cholakwacho ndi khungu ndi mafupa ake si iwo ayi, ndi wolangizidwayo.

Ndiyambe ndavomera kuti akuluakulu a njinga si anthu opusa. Zambiri zimene amanena za matayala, za tcheni, za oyilo, za kusakhulupirira kuti woyendetsa galimoto wakuona, n'zoona zimene anaziphunzira movutika, ndipo mawu a akuluakulu amakomadi akagonera. Koma pali nkhani zina zimene zaka za pamsewu sizimuphunzitsa munthu, chifukwa zimamugwera mwa apo ndi apo ndipo zimatha m'kuphethira kwa diso. Kumanga mabuleki mwadzidzidzi galimoto itatulukira pamphambano ndi imodzi mwa nkhani zimenezo.

Kuti mkanganowu umveke, tiyambire pansi pa tayala. Tayala limagwira msewu bwino likamazungulira, ndipo mphamvu yake yoimitsa imafika pachimake pamene langotsala pang'ono kusiya kuzungulira. Likangoloka, mphira umayamba kutsetsereka pamwamba pa phula, mphamvu yoimitsa imachepa, ndipo tayalalo silimveranso kumene ukulilozetsa. Pagalimoto zimenezi zimatanthauza kuti ungapotoze chiwongolero mmene ungathere koma galimoto imangolowera kumene inkalowera. N'zoopsa, komabe galimoto ili ndi miyendo inayi, siigwa. Njinga yamoto ndi nkhani ina. Imaima chilili chifukwa tayala lakutsogolo likuzungulira ndipo likusuntha pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere kuti njinga ikhazikike. Tayala limenelo likaloka, njinga imagwa mofulumira kwambiri, kawirikawiri mwini wake asanazindikire n'komwe chimene chachitika. Tsono vuto lagona apa: tayala lakutsogolo lomwelo ndi limene limagwira ntchito yaikulu yoimitsa njinga, popeza ukamanga mabuleki kulemera kumakankhikira kutsogolo, lakumbuyo n'kupepuka, moti pa njinga zina zothamanga limafika ponyamuka m'mwamba. Choncho buleki imene ingakupulumutse ndi yomweyonso imene ingakugwetse. ABS imalowa pamenepa. Ili ndi masensa amene amawerenga liwiro limene magudumu akuzungulira, ndipo ikaona kuti lina latsala pang'ono kuloka, imachepetsa mphamvu ya mafuta a mabuleki kenako n'kuibwezeretsa, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Siiwonjezera mphamvu ya tayala ndipo siikonza msewu. Ntchito yake ndi imodzi basi, kusunga tayala pafupi ndi pamene likugwira kwambiri osalilola kuloka. Komanso si chinthu chobwera dzulo: makampani a Mercedes-Benz ndi Bosch anaika ABS pa galimoto ya S-Class mu 1978, ndipo BMW inaika pa njinga ya K100 mu 1988.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, imenenso ndi yolemera kuposa zonse, ndi yakuti katswiri angathe kuima pamtunda waufupi yekha kusiyana ndi pamene makina akumulowerera. Mfundoyi ili ndi maziko. Makina oyambirira anali aulesi. Ankamasula buleki mopitirira n'kuigwiranso mochedwa, ndipo munthu wodziwa ankawaposa pa phula louma. Ngakhale lero, woyendetsa wa mipikisano amene akudziwa poyambira kumanga, pamsewu umene waudutsa kambirimbiri, matayala atatentha bwino, angathe kufanana nawo kapena kuwaposa pang'ono. Koma taonani zonse zimene tayenera kumupatsa munthu ameneyu kuti apambane: msewu wouma ndi wodziwika, maganizo okonzeka, ndiponso mwayi wobwereza akalakwitsa. Ngozi siipereka chilichonse mwa zimenezi. Mu 1981, Harry Hurt ndi anzake a ku University of Southern California anatulutsa lipoti la ngozi za njinga zamoto 900 zimene anazifufuza mwatsatanetsatane ku Los Angeles. Anapeza kuti pangozi zambiri woyendetsa amakhala ndi nthawi yosakwana masekondi 2 yoti achite chilichonse chimene angathe, ndiponso kuti ambiri ankaponda buleki yakumbuyo mopitirira mpaka tayala kutsetsereka, kwinaku yakutsogolo akuifinya moperewera. Masekondi 2 akuoneka ngati ambiri ukakhala pampando, koma pa liwiro la makilomita 100 pa ola njinga imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. M'kanthawi kameneko munthu salingalira zoti afinye pang'onopang'ono, adikire kulemera kusamukire kutsogolo, kenako awonjezere. Thupi limadzidzimuka, dzanja n'kufumbata chogwirira cha buleki ndi mphamvu zonse, kapena limachita mantha n'kungochikhudza. Zonse ziwiri zimathera m'chipatala.

Pali chinanso chimene mfundo ya ukatswiriyi imaiwala, ndicho chakuti msewu susunga khalidwe limodzi kuyambira pamene wayamba kumanga mpaka pamene waima. Pa mamita ochepa omwewo tayala lingathe kudutsa pa phula labwino, pa mzere wa penti umene umaterera ukanyowa, pa chivundikiro chachitsulo, pa dizilo amene wadontha m'lole, ndi pa mchenga umene madzi amvula anausiya. Mphamvu imene inali yoyenera pa phula labwino ija imakhala yopitirira pa penti yonyowa, ndipo dzanja la munthu silingadziwe zimenezi mpaka tayala litayamba kale kutsetsereka. Makina amazidziwa msanga chifukwa akuwerenga gudumu nthawi zonse. Ndiponso kukanakhala koona kuti zida zoterezi zimabweza akatswiri m'mbuyo, akuluakulu a mipikisano ya magalimoto ya Formula One sakanavutika kuziletsa mu 1994. Anaziletsa pamodzi ndi zida zina chifukwa zinkathandiza madalaivala mopitirira, osati chifukwa zinkawasokoneza. Koma yankho limene limandikhutiritsa kwambiri n'losavuta kuposa zonsezi. ABS siigwira ntchito mpaka tayala litatsala pang'ono kuloka. Ili ngati mlonda amene amangokhala phee usiku wonse pokhapokha mbala itabwera. Ngati ndinudi katswiri amene simulakwitsa, simudzaimva n'komwe, ndipo palibe chimene mwataya. Tsiku limene mudzaimve ikugunda m'zala, ndiye kuti mwalakwitsa, ndipo popanda iyo bwenzi muli pansi.

Apa m'pamene wina amadzuka n'kunena kuti wakwera njinga zaka 20 popanda ABS ndipo sanagwepo. Sindimutsutsa. Koma umboni woterewu uli ndi chilema chimene sichioneka msanga: amene amaupereka ndi okhawo amene anapulumuka. Anzawo amene anayamba nawo limodzi, amene tayala linawalokera pamphambano, ena anasiya kukwera, ena anapunduka, ena kulibe, ndipo sapezeka pamene anthu akulangizana kuti anene mbali yawo. Zaka 20 zopanda ngozi zingasonyeze kuti munthuyo amaona patali ndipo amapewa zoti amange mwadzidzidzi, zimene ndi luso lalikulu loyenera kuyamikiridwa. Sizisonyeza kuti akadzakakamizika kumanga mwadzidzidzi pamsewu wonyowa dzanja lake lidzachita zolondola.

Mfundo yachiwiri ndi ya aphunzitsi, ndipo ndimaiona kuti imachokera mumtima wabwino. Iwo amati wophunzira ayambe ndi njinga yopanda makina kuti zala zake zidziwe pamene tayala limalekezera kugwira. Akayamba ndi ABS azolowera kungofumbata, ndipo tsiku limene adzakwere njinga yopanda ABS adzagwa. Nkhawayi si yopanda pake, chifukwa alipodi anthu amene amakhulupirira makina n'kusiya kuphunzira. Komabe tiyeni tifunse chimene wophunzira amaphunziradi pa njinga yopanda ABS. Malire a tayala lakutsogolo munthu amawadziwa akawafika, ndipo pa njinga yotere kuwafika kumatanthauza kuti mwina agwa. Wophunzira wanzeru amazindikira zimenezi msanga, choncho sayandikira n'komwe malirewo. Chimene amaphunzira si luso, ndi mantha a buleki yakutsogolo, mantha omwe aja amene Hurt anawapeza mwa anthu ochita ngozi. N'chifukwa chake pali anthu amene akwera zaka zambiri akudalira chopondera chakumbuyo chokha, ndipo amalangiza ana awo kuti buleki yakutsogolo ndi yoopsa, asamaikhudze. Tsono tembenuzani nkhaniyi. Munthu wa ABS angathe kupita pabwalo lopanda magalimoto, n'kuyamba pa liwiro lochepa, n'kumafinya mowonjezera ulendo uliwonse mpaka amve makina akulowerera. Pamenepo wadziwa malire a tayala lake popanda kutaya khungu. Akabwereza, cholinga chake chimakhala kuima mwamsanga makinawo asanalowerere, ndipo limenelo ndiye luso lomwe aphunzitsi aja akufuna. Amaphunziranso chinthu chimene chimadabwitsa aliyense koyamba, kuti njinga ingathe kuima mwamphamvu kuposa mmene ankaganizira. Kotero ABS siichotsa kufunika kophunzira. Imachititsa kuti kuphunzirako kutheke. Amene agula njinga ya ABS n'kusapita kukayeserera, vuto ndi ulesi wake, ndipo munthu waulesi yemweyo sakanayeserera ngakhale pa njinga yopanda ABS.

Pa mfundo yachitatu ndigonja pang'ono, chifukwa otsutsa akunena zoona. Pamsewu wafumbi, pamiyala yosagwirana kapena pamchenga, tayala loloka limakumba pansi n'kuunjika dothi kutsogolo kwake, ndipo muluwo umathandiza kuimitsa. ABS wamba ikaona kutsetsereka imamasula, ndiye njinga imapitirira kuposa mmene ukufunira, makamaka potsika chitunda. Komanso oyendetsa m'tchire amalokera dala tayala lakumbuyo kuti akhotetse njinga. N'chifukwa chake njinga za mipikisano ya m'matope sizikhala ndi ABS, ndipo ngakhale lamulo la ku Ulaya silizikakamiza. Koma mfundoyi ikutiuza njinga yoti tisankhe, osati kuti tikane makinawo. Njinga zambiri zopangidwira phula ndi fumbi lomwe zili ndi batani lozimitsira ABS, kapena lozimitsira yakumbuyo yokha n'kusiya yakutsogolo ikugwira ntchito mosinthidwa kuti ilole kutsetsereka pang'ono. Amene amayenda kwambiri pafumbi afunefune yotere. Ndipo asaiwale kuti akangobwerera pa phula wabwerera pakati pa magalimoto, pamphambano, pamene lipoti la Hurt lija linasonyeza kuti m'pamene ngozi zowombana zimachitika kwambiri, galimoto ikadula njira ya njinga.

Mfundo yachinayi ndi ya anthu okonda kuwerenga, ndipo ndi yochititsa chidwi. Amati munthu akadziwa kuti watetezedwa amawonjezera liwiro ndi kuyandikira kwambiri galimoto yakutsogolo, moti phindu la chidacho limathera m'kusasamala kwake. Ganizoli analitchukitsa ndi katswiri wa zachuma Sam Peltzman mu 1975, polemba za malamulo a chitetezo cha magalimoto, ndipo silinachokere m'mutu mokha. Kunena chilungamo, ABS itafala pa magalimoto ku America, kafukufuku anasonyeza kuti siinachepetse ngozi zakupha anthu monga mmene anthu ankayembekezera. Amene amatchula zimenezi sakunama. Kumene amalakwitsa n'kutenga zotsatira za galimoto n'kuzisamutsira pa njinga ngati kuti n'zofanana, pamene taona kale kuti kuloka kwa tayala pagalimoto n'kutsetsereka koma panjinga n'kugwa. Pa njinga zamoto ziwerengero zikuloza kwina. Bungwe la Insurance Institute for Highway Safety la ku America linayerekezera njinga za mtundu umodzimodzi, zina zogulidwa ndi ABS zina zopanda, ndipo mu 2013 linapeza kuti za ABS zinkapezeka m'ngozi zakupha mocheperapo ndi 31 peresenti. Litabwereza mu 2021 ndi mitundu yambiri ya njinga, chiwerengerocho chinali 22 peresenti. Wina anganene kuti anthu osamala kale ndi amene amasankha ABS, choncho mbali ina ya kusiyanaku ndi khalidwe la ogula. Zingatheke, ndipo sindikana kuti zilipo. Koma kafukufuku wa ngozi za ku Sweden, Spain ndi Italy, maiko a misewu ndi makwereredwe osiyana, nayenso anapeza kuti njinga za ABS zimachita ngozi zovulaza zochepa. Kusasamala kowonjezereka kukanakhala kuti kumameza phindu lonse, ziwerengerozi sizikanatuluka chonchi mobwerezabwereza. Ndiponso tikaitsatira mfundoyi mpaka kumapeto, ifika potiuza kuti tivule zisoti ndi magolovesi kuti tizikwera mwamantha, ndipo sindinamvepo katswiri aliyense akulangiza zimenezo.

Popeza ndatchula magalimoto, ndipatukeko pang'ono, chifukwa eni ake ali ndi phunziro lawolawo. Madalaivala ambiri anaphunzitsidwa kale kuti galimoto ikayamba kutsetsereka aziponda n'kusiya, kuponda n'kusiya. Malangizowo anali olondola pa magalimoto akale, koma pa galimoto ya ABS ndi oipa, chifukwa makina akuchita zomwezo mofulumira kuposa phazi lililonse. Choipanso n'chakuti ABS ikayamba kugwira ntchito chopondera chimanjenjemera ndipo pamamveka phokoso, ndiye munthu amene sanazimvepo amaganiza kuti china chathyoka n'kuchotsa phazi panthawi imene limafunika kwambiri. Zoyenera kuchita n'kuponda mwamphamvu, osasiya, n'kumawongola kupita kumene kuli mpata. Ndipo phindu lalikulu la ABS pagalimoto linabwera mwa njira ina: masensa ndi pampu yake ya mafuta a mabuleki zinakhala maziko a makina oletsa galimoto kutembenuka pakona, amene Mercedes-Benz ndi Bosch anawatulutsa mu 1995. Anafala kwambiri galimoto ya A-Class itagubuduzika poyesedwa ku Sweden mu 1997, ndipo lero ndi lamulo pa magalimoto atsopano ku America ndi ku Ulaya. Amene akugula galimoto yakale n'kumanena kuti nyali ya ABS yoyaka ilibe kanthu, adziwe kuti pa magalimoto ambiri nyali imeneyo ikayaka makina enawo nawonso agona.

Tibwerere ku njinga. Sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti ABS ndi mankhwala a chilichonse, chifukwa kuitamanda mopitirira n'kumene kumapatsa otsutsa mphamvu. Siifupikitsa mtunda umene malamulo a chilengedwe anaika: ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, kaya uli ndi makina kaya ayi. Siisandutsa tayala lakutha kapena lopanda mpweya wokwanira kukhala labwino. Imangogwiritsa ntchito mphamvu imene tayalalo lili nayo, ndipo ikakhala yochepa ndi yochepa basi. Komanso ABS wamba siidziwa kuti njinga yapendekeka. Pakona mbali ina ya mphamvu ya tayala yapita kale pa kukhota, choncho kufumbata buleki uli chopendekeka kungakugwetsebe kapena kuimiritsa njinga n'kukutulutsa mumsewu. Makina odziwa kupendekeka alipo, Bosch ndi KTM anawatulutsa pa njinga ya 1190 Adventure mu 2013, koma sali pa njinga iliyonse. Chotero kuona patali, kusiya mpata wokwanira ndi kuchepetsa liwiro usanalowe pakona zikadali ntchito ya mutu wa munthu. Pamenepa ine ndi akuluakulu aja tikugwirizana kwathunthu. Timasiyana pamene iwo akunena kuti popeza mutu ndi wofunika, makina ndi osafunika.

Za malamulo sindichedwapo. Maiko a European Union anayamba kukakamiza ABS pa mitundu yatsopano ya njinga za injini yoposa 125cc mu 2016, ndipo India inatsatira mu 2018 ndi 2019. Ku America palibe lamulo lotere, ngakhale bungwe lofufuza ngozi la National Transportation Safety Board linapempha mu 2018 kuti likhazikitsidwe. Amene amakana kuuzidwa zochita ndi boma ali ndi mkangano wawo, ndipo si wanga lero. Ine ndikukamba za malangizo amene timapatsana tokhatokha. Chimene wogula ayenera kusamala nacho n'chakuti malamulo omwewa amalola njinga zazing'ono kukhala ndi mabuleki olumikizana, amene ukamanga yakumbuyo amagwiranso yakutsogolo pang'ono. Ndi othandiza kwa munthu woopa buleki yakutsogolo, koma si ABS, ndipo tayala lingathe kuloka. Ogulitsa ena amasakaniza ziwirizi dala. Palinso njinga zotsika mtengo zimene ABS yake ili pa tayala lakutsogolo lokha. Ena amazinyoza, koma ine ndimazilandira, popeza tayala limene limagwetsa munthu mosachenjeza ndi lakutsogololo.

Yatsala mfundo ya ndalama ndi makaniko, imene ndimaimva bwino chifukwa ndi ya anthu amene amakonza okha njinga zawo. Amati chilichonse chowonjezera ndi chinthu china choti chidzawonongeke, kuti pampu ya ABS ikafa ndi yodula, ndipo kuti njinga yosavuta ungaikonze paliponse ndi sipanala. N'zoona kuti pampu ndi yodula, ndipo n'zoona kuti si makaniko aliyense ali ndi chida chowerengera zolakwika za kompyuta yake. Koma choyamba, makinawa anapangidwa moti akalephera amadzizimitsa, nyali n'kuyaka, mabuleki n'kumagwira ngati a njinga wamba. Ndiye kuti pa njinga zambiri choipitsitsa chimene chingakuchitikireni n'kutsala ndi njinga imene otsutsawo amafuna kuti mugule poyamba. Chachiwiri, nyali ikayaka, kawirikawiri vuto silikhala pampu. Limakhala sensa imene yadzaza matope kapena tizitsulo, waya wake wodyeka, kachitsulo kozungulira ka mabowomabowo kamene sensa imawerenga katapindika posintha tayala, kapena batire lofooka. Pampu yeniyeniyo imadwala makamaka ndi mafuta a mabuleki okhalitsa, chifukwa mafutawa amayamwa chinyezi n'kuyamba kudya zitsulo za mkati. Opanga njinga ambiri amati asinthidwe zaka 2 zilizonse, ndipo ndi ntchito imene eni njinga amaiiwala kuposa ina iliyonse, kenako n'kumadzudzula makina. Kulemera nakonso si nkhaninso: ABS yoyamba ya BMW inkalemera makilogalamu oposa 10, pamene zambiri za lero sizifika kilogalamu imodzi. Ndipo powerengera mtengo, tiwerengere mbali zonse. Kugwa kamodzi kokha, ngakhale pa liwiro lochepa, kumaphwanya mapulasitiki, kumapinda chiwongolero, kumabonyola thanki, kumatha chisoti, ndipo phewa likathyoka munthu amakhala milungu ingapo osagwira ntchito. Amene ali ndi ndalama zokwanira njinga ya 600cc yopanda ABS kapena ya 300cc ya ABS atenge yachiwiriyo, zotsalazo agulire matayala abwino.

Kwa ogula njinga yakale, makinawa amafuna kuyesedwa monga mmene timayesera injini, chifukwa chizindikiro cha ABS chomatidwa pambali sichitsimikizira kanthu. Mukatembenuza kiyi, nyali ya ABS iyenera kuyaka. Pa njinga zambiri imakhalabe choyaka mpaka mutayamba kuyenda pang'ono, chifukwa makina akudikira kuona magudumu akuzungulira, kenako imazima. Nyali imene siyaka n'komwe ndi yokayikitsa kuposa imene yakana kuzima, popeza alipo ogulitsa amene amachotsa babu kapena kuimata kuti vuto lisaoneke. Yang'anani masensa ndi mawaya ake pa magudumu, onani ngati matayala ali a saizi imene opanga analemba chifukwa saizi yolakwika ingasokoneze mawerengedwe a makinawo, ndipo funsani kuti mafuta a mabuleki anasinthidwa liti. Akakhala akuda m'kabotolo kake mwalandira kale yankho. Poyesa njingayo, pezani malo owongoka opanda anthu, n'kuponda buleki yakumbuyo mwamphamvu pa liwiro lochepa kuti mumve ngati chopondera chikugunda pansi pa phazi. Wogulitsa akanena kuti nyali imangoyaka yokha koma zonse zili bwino, muuzeni akaikonzetse kaye kapena achotse mtengo wa pampu yatsopano pa ndalama zimene akufuna, ndipo akakana zonse ziwiri, kaoneni njinga ina.